KODI NKHALAMBA NDI KATUNDU?



Pa Sabata lina mwezi wathawu, titatha kudya Mgonero m'nyumba ya Mulungu kuno ku Chilumba, tinatenga mkate ndi chikho kunka nazo kwa odwala ndi okalamba, amene miyendo yao sithanso kuwafikitsa ku mapemphero. M'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja tinapeza amai ena okalamba ndithu ali gone pa mphasa pakhonde, maso ao atachita khungu, ndipo mdzukulu wao wamkazi analikuwaphikira phala. Titakhala pansi tinati, "Agogo, mwadzuka bwanji?" Iwo anayankha nati, "Bambo, mufunsiranji za munthu amene anatha kale? Khasu linandikana, mtondo unandikana, ngakhale kuseri sindipitako ndekha. Mtsikana uyu akadakhala ku sukulu pamodzi ndi anzache, koma ali pano kunditembenuza ine. Ndasanduka katundu pamutu pa ana. Kapena Mulungu anandiiwala, alekeranji kunditenga?"

Mau amenewa si a agogo aja okha iai. Alipo ambiri m'midzi yathu, kuyambira ku Chitimba kufikira ku Uliwa ndi ku Wovwe, amene anena chomwecho usiku mumtima mwao, angakhale pakamwa sanena. Chifukwa chache ndifuna kuti tifunse funso ili pamodzi, ndi Buku Lopatulika lotsegula: kodi munthu amene mphamvu zache zatha wasanduka katundu? Tisafulumire kuyankha, pakuti yankho lofulumira silitonthoza munthu amene wagona pa mphasa zaka zitatu.

BUKU SILIBISA ZOWAWA ZA UKALAMBA

Poyamba tivomereze kuti Mau a Mulungu sapaka ukalamba mafuta. Mlaliki, pa chaputala 12, afanizira thupi la nkhalamba ndi nyumba imene irikugwa pang'ono pang'ono: manja amene anali alonda ache anthunthumira, miyendo ipindika, mano osinja chakudya atsala owerengeka, maso achita mdima, makutu atsekeka, ndipo tulo tithawa mbalame isanalire kawiri. Isake anakalamba kufikira sanathe kusiyanitsa ana ache awiri, ndipo ananyengedwa m'nyumba mwache momwe. Eli anafika zaka 98, wosaona. Davide, amene anapha Goliati ali mnyamata, pa masiku ache otsiriza anamfunditsa nsaru zambiri koma thupi lache silinafunde. Ndipo wolemba Salmo 71 apempha Mulungu momveka kuti asamtaye pa nthawi imene mphamvu zache zirikutha. Sakadapempha chotero akadakhala wopanda mantha amenewo.

Tsono nkhalamba imene ibuula sinachimwe pobuulapo, ndipo tisaidzudzule kuti iribe chikhulupiriro. Kulira kwache kuli kale m'Buku.

Tivomerezenso china, pakuti bodza silimanga Mpingo: kusamala munthu wofooka ndi nchito yolemera. Kumsambitsa, kuchapa zogonera zache, kumdzutsa ndi kumgoneka, kumfunira chakudya chofewa pamene m'nyumba muli kondowole ndi usipa wouma basi, zonsezi zitopetsa thupi ndi mtima womwe. Ndiponso masiku ano manja achepa pamudzi. Ana amuna ali ku Mzuzu, ku Lilongwe, ku Johannesburg, ndipo nchito imene kale inagawikana pakati pa anthu khumi yagwera mkazi mmodzi kapena kamtsikana kamodzi. Agogo aja poti, "Ndikulemetsa ana," sananame konse. Kulemera kulipo. Koma kulemera kwa nchito ndi kwina, ndipo mtengo wa munthu ndi wina. Ndipo chisoni cha nkhalamba chichokera pa kusanganiza ziwirizi.

BARIZILAI WA KU ROGELIMU

M'buku lachiwiri la Samueli muli nkhalamba imene inanena mau onga a agogo athu aja. Pamene Davide anathawa mwana wache Abisalomu, naoloka Yordano ndi anthu ache otopa ndi anjala, munthu wina wolemera wa ku Gileadi, dzina lache Barizilai, anadza ku Mahanaimu pamodzi ndi anzache, natenga zogonera, mbiya, tirigu, nyemba, uchi, mafuta ndi nkhosa, nadyetsa mfumu pa nthawi imene ambiri anaitembenukira. Nkhondo itatha, Davide anafuna kubwezera ufulu umenewo, namuitana kuti apite naye ku Yerusalemu, kumene akadzadya pa dzanja la mfumu masiku ache onse. Barizilai anakana. Anati ali ndi zaka 80. Lilime lache silizindikiranso kukoma kwa chakudya, makutu ache samvanso oyimba, ndipo safuna kukalemetsa mfumu. Anapempha kuti abwerere kwao, akafere pafupi ndi manda a atate ache ndi amai ache, napereka mnyamata Kimhamu kuti apite m'malo mwache. Werengani nkhani yonse pa chaputala 19.

Taonani zinthu ziwiri m'nkhani imeneyi. Choyamba, mau akuti katundu anaturuka m'kamwa mwa Barizilai, osati m'kamwa mwa Davide. Mfumu poyang'ana nkhalamba ija sinaone pakamwa pofuna kudyetsedwa. Inaona munthu amene anaidyetsa m'chipululu. Inampsompsona, nimdalitsa, ndipo ngakhale pa mphasa ya imfa yache inalamula Solomo kuti ana a Barizilai azidya pa gome la mfumu (1 Mafumu 2:7). Kawiri kawiri nkhalamba idziyesa ndi muyeso umene oikonda saiyesa nao.

Chachiwiri, Davide sanamkakamize. Anamva chifuniro chache, namlola kubwerera kumudzi kwao. Apa pali phunziro kwa inu ana amene muli ndi nyumba zabwino m'tauni. Ndi chinthu chokoma kuitana atate anu kuti adzakhale nanu; koma afunseni poyamba. Munthu amene anakulira pa mchenga wa nyanja, wodziwa mwera ndi mpoto monga adziwa ana ache, akhoza kufota m'nyumba ya malata kumene alibe womlankhula chilankhulo chache. Ukalamba ulanda miyendo ndi maso, koma inu musaonjeze kumlanda munthu ufulu wa kunena chimene afuna.

MULUNGU WONYAMULIDWA NDI MULUNGU WONYAMULA

Koma yankho lalikuru liri m'buku la Yesaya, chaputala 46. Mneneri aonetsa mafano a ku Babulo, Beli ndi Nebo, atamangidwa pamsana pa nyama zotopa, pakuti pa tsiku la tsoka milungu imeneyo sithawa yokha, koma eni ache ayenera kuisenza. Pomwepo Yehova atembenukira kwa anthu ache, nawakumbutsa kuti Iye si wotero: ndiye amene anawanyamula asanabadwe, ndipo alonjeza kuti pamene mitu yao idzayera ndi imvi adzakhala ali yemweyo, wowasenzabe, popeza ndiye anawapanga.

Lingalirani bwino mau amenewa. Mulungu sanena kuti adzasunga anthu ache chifukwa alima, kapena chifukwa aponya khoka. Anena kuti adzawasunga chifukwa anawalenga. Mtengo wa munthu unaikidwa pa iye tsiku limene analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, asanagwire khasu. Chifukwa chache suchoka tsiku limene khasu ligwa m'manja mwache. Ife tomwe tidziwa ichi, ngakhale tiiwala. Khanda liri kumbuyo kwa amache sililima, silitunga madzi, lidetsa nsaru usana ndi usiku, koma ndani analitcha katundu? Ndipo mukati, "Khanda lidzakula, lidzatilimira," ndifunse: kodi mai amene mwana wache adwala matenda osachira aleka kumbereka chifukwa sadzamlimira? Iai ndithu. Ambereka chifukwa ndi wache. Chomwecho nkhalamba iri yathu, ndipo iri ya Mulungu.

Palibe munthu amene anayenda ulendo wa moyo ndi miyendo yache yokha. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, ndi kukocheza pa doko lathu lino zaka zambiri, iri ndi dzina la dziko limene David Livingstone anaferako, kwa mfumu Chitambo, mu 1873. Munthu ameneyo anayenda pansi maulendo akutali kopambana, koma m'masiku ache otsiriza sanathe kuima. Anzache a pa ulendo anampangira machila, namnyamula m'madambo ndi m'madzi. Atafa, Susi ndi Chuma ndi anzao anasenza mtembo wache miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo, kumene anafika mu 1874. Kodi ife pokumbukira nkhani imeneyi tinena kuti Livingstone anasanduka katundu? Iai, tinena kuti anthu aja anachita chinthu cha ulemu, ndipo maina ao akumbukika chifukwa cha chimene anasenza. Ndiponso Dr Robert Laws, amene anafika m'dziko lino mu 1875, nayamba kumanga Livingstonia pa phiri la Khondowe mu 1894, inamfikira nthawi yache: mu 1927 anasiya nchito m'manja mwa ena, nabwerera kwao ali ndi zaka 76. Ngati anthu otere anafika pa tsiku la kuleka, ndife yani kuti tichite nalo manyazi?

KULANDIRA NAKO NDI KUMVERA

Tsopano ndilankhule ndi inu, agogo athu, mwa ulemu wonse. Masiku anu onse munali opatsa. Mlendo sanachoke pakhomo panu ndi njala. Chimene chikuwawani tsopano si msana wokha, komanso kuti dzanja limene linazolowera kupereka liyenera kutambasuka kuti lilandire. Kumbukirani Petro. Usiku uja Ambuye anadzimanga nsaru m'chuuno kuti asambitse mapazi a ophunzira, Petro anakana kolimba, nayesa kuti kukanako ndi ulemu. Koma Yesu anamuuza kuti akapanda kulola kusambitsidwa alibe gawo ndi Iye (Yohane 13). Ndipo atauka kwa akufa, pa gombe la nyanja ya Tiberiya, Ambuye anamuuzanso kuti ubwana wache anadziveka yekha ndi kunka kumene afuna, koma masiku alinkudza pamene wina adzammanga ndi kumtengera kumene safuna. Yohane atiuza kuti mau amenewa ananena za imfa imene Petro adzalemekeza nayo Mulungu. Ndipo atangonena chomwecho, Yesu anamuitana kuti amtsate. Tsono munthu akhoza kutsata Kristu ngakhale pa nthawi imene sasankhanso njira yache yekha.

Ndipo Ambuye mwini sanachite manyazi kuthandizidwa. Anaberekedwa ndi Mariya. Anapempha madzi kwa mkazi wa ku Samariya. Akazi ena anamtumikira ndi chuma chao. Pa njira ya ku Gologota mtanda wache unasenzedwa ndi Simoni wa ku Kurene. Ndipo thupi lache linanyamulidwa ndi Yosefe ndi Nikodemo. Ngati Mwana wa Mulungu analola manja a anthu kumgwira ndi kumnyamula, pamenepo kunyamulidwa si chinthu chonyazitsa. Mdzukulu wanu akadza ndi madzi ofunda, musamlandire ndi mau akuti, "Ndikadangofa," pakuti mau otere alemetsa mwana koposa mtsuko umene wasenza. Mlandireni ndi mdalitso. Ambiri amene anasamala makolo ao kufikira imfa achitira umboni kuti masiku amenewo, angakhale anali owawa, ndiwo anawaphunzitsa chifundo. Ndipo mwana sangaphunzire chifundo popanda womchitira.

NGONGOLE IMENE TAIIWALA

Kwa ife otsala, Paulo anena polembera Timoteo kuti ana ndi adzukulu ayenera kubwezera akuwabala, ndi kuti wosasamala a pabanja pache wakana chikhulupiriro (1 Timoteo 5). Mau akuti kubwezera atanthauza kuti pali ngongole, ndipo kuno kwathu ngongoleyo si ya m'buku mokha. Anchito ofufuza za khate, amene anayamba nchito yao kuno ku Chilumba mu 1979, anasunga madontho a magazi a anthu a boma la Karonga. Ndipo pamene anawapima pambuyo pache, anapeza kuti kachilombo ka Edzi kanali kale pakati pathu mu 1982. Mankhwala otalikitsa moyo sanayambe kugawidwa kwaulere m'dziko muno kufikira mu 2004. M'zaka za pakatipo manda anadzala ndi anyamata ndi atsikana a msinkhu wolima ndi wobereka. Nanga ana ao amasiye anatola ndani? Anatola ndi agogo. Akazi amene anayenera kupumula anamanganso nsaru m'chuuno, nalowanso m'matope a mpunga ku Hara, naviikanso chinangwa, nabereka kachiwiri ana amene sanawabale. Ambiri a inu amene muwerenga pepala ili munaleredwa ndi manja amenewo. Iwo amene lero ati, "Ndasanduka katundu," ndiwo anasenza mudzi wonse pamene unalikugwa.

Ndipo ngakhale tsopano nchito yao sinathe. Nkhalamba yamwamuna isoka khoka pa mthunzi, nidziwa mtambo umene bwato siliyenera kuturuka nao. Nkhalamba yaikazi ikhala pakhomo kuyang'anira ufa pa mphasa ndi ana pabwalo, ndipo anthu apita kumunda ndi mtima pansi. Pa mlandu wa malire kapena wa ukwati, ndiwo akumbukira chimene anapangana akale. Si pachabe makolo anati akulu akulu ndi m'dambo mozimira moto. M'Kachisi wa ku Yerusalemu munali ansembe ndi alembi ambiri pa tsiku limene Yesu analowetsedwamo ali khanda, koma amene anamzindikira ndi Simeoni, amene analindira imfa, ndi Anna, mkazi wamasiye wa zaka zambiri, amene nchito yache inali kupemphera basi (Luka 2). Koma ngakhale zifike poti munthu sathanso kusoka, kapena kulangiza, kapena kukumbukira dzina la mwana wache, mtengo wache uli pomwepo, pakuti sunachokere ku zimenezo.

TCHIMO LIMENE LIRI PAKATI PATHU

Pano ndiyenera kunena chinthu chowawa. Pamene mtima wa munthu watopa ndi nkhalamba, ufuna chifukwa cha kuitayira. M'masiku a Yesu chifukwa chache chinali Korbani: munthu anangonena kuti chuma chache chaperekedwa kwa Mulungu, ndipo pomwepo anayesedwa womasuka kusathandiza atate ache ndi amai ache. Ambuye anadzudzula mwambo umenewo kuti upha lamulo la Mulungu (Marko 7). M'masiku athu chifukwa chache ndi mau akuti mfiti. Mwana akadwala malungo, bwato likamira, mphezi ikagwa, maso a anthu atembenukira ku kanyumba ka nkhalamba imene iribe woiteteza. Mu January 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinai, mtsikana wina atafa ndi mphezi. Ndipo ife a ku Karonga sitingaloze chala Neno, pakuti m'boma lathu lomwe nkhalamba zamenyedwa ndi kuthamangitsidwa pa mlandu womwewo.

Dziwani, abale, kuti alipo matenda a ubongo amene agwira okalamba ena, amene madokotala awatcha dementia. Munthu wodwala chotero aiwala njira ya kwao, adzuka usiku nayendayenda, apezeka pakhomo pa eni kapena ku manda mbandakucha, nthawi zina wosavala, ndipo mukamfunsa mwaukali avomera chiri chonse chimene mwanena. Ameneyo si mfiti yogwa pa ulendo. Ndi wodwala wofuna chofunda ndi womperekeza kwao. Lamulo la boma la mu 1911 linaika kuti kutchula munthu mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la kuteteza okalamba. Koma Mkristu ali ndi lamulo lakale koposa awa, limene litiuza kuimirira pamaso pa munthu wa imvi, ndipo limanga ulemu umenewo pamodzi ndi kuopa Mulungu (Levitiko 19:32). Iye amene aponya mwala pa nkhalamba, kapena angoima chete poonerera, asayese kuti dzanja lache liri loyera pa gome la Mgonero.

TICHITE CHIANI TSONO?

Paulo auza Agalatiya kuti azisenzerana zolemetsa, ndipo ndi pomwepo pamene pali mankhwala a nkhani yathu. Mtolo umene uthyola khosi la munthu mmodzi upepuka pa mitu isanu. Si chifuniro cha Mulungu kuti kamtsikana kasiye sukulu pamene Mpingo wonse uyimba pafupi pomwepo. Chifukwa chache mkulu wa Mpingo ali yense adziwe ndi maina nkhalamba zonse za m'dera lache, ndi amene azisamala. Amai a Umanyano agawane masiku, kuti wosamala wodwala apeze tsiku la kupumula. Anyamata afolere denga mvula isanagwe, nadule nkhuni. Amene maso ao achita khungu muwatengere ku chipatala, pakuti khungu la ng'ala lichotseka, ndipo ambiri aonanso. Inu amene muli kutali, ndalama zimene mutumiza ndi zabwino, koma sizilankhula. Amveni mau makolo anu, ndipo thokozani mlongo wanu amene atsuka mphasa m'malo mwanu. Ndipo mukafika kwa nkhalamba, musangosiya mbale ndi kuchoka. Khalani pansi, ifunseni nzeru, ipatseni chinthu cha kupempherera. Pakuti munthu adziyesa katundu makamaka pamene palibe womfuna kanthu.

Pa tsiku lija, tisanachoke kwa agogo aja, tinawawerengera chaputala cha Yesaya chija, ndipo analandira mkate ndi chikho. Pamenepo mmodzi wa ife anawauza za mwana wache amene ali kutali ndipo wasiya mapemphero, nati, "Agogo, ine ndatopa kumpempherera ndekha, ndithandizeni." Iwo anakhala chete pang'ono, nafunsa dzina la mnyamatayo, nalibwereza kawiri kuti asaliiwale. Maso ao sanatseguke, ndipo msana wao uli monga unalili. Koma amai awiri a Mpingo ayamba kusinthana pakhomo paja m'mawa, ndipo mdzukulu wao wabwerera ku sukulu.

Inu amene muli ndi mphamvu lero, kumbukirani kuti mphasa imene agonapo agogo anu ikulindirani inunso, ndipo ana anu alikuona m'mene muchitira. Inu amene mphamvu zatha, musaope kunyamulidwa. Iye amene anayamba kukusenzani musanabadwe sanatope, ndipo manja a ana anu ndiwo ena a manja amene akusenzerani nao. Mulungu atipatse ife tonse chisomo cha kunyamula mosadandaula, ndi cha kunyamulidwa mosachita manyazi.

Ndine wanu mwa Ambuye,
Mkulu wa Mpingo, Chilumba.